Kapini ka pa Mchombo

Tsiku limene ndinatsanzika mkazi wanga kuti ndikupita kumanda linali Lachinayi, dzuwa likuswa mtengo, ine nditavala malaya atsopano. Poti mukuwerenga izi, mwadziwa kale kuti sindinapite. Koma musafulumire kuseka. Mantha aja anali enieni, ndipo ndikawakumbukira m'manja mumachitabe thukuta.

Ndiyambe ndi mimba. Kwa zaka zambiri ine ndinali munthu amene minibasi ikaima pa siteji ya Domasi, kondakitala ankayamba wayang'ana matayala asanandilole kukwera. Ndili ndi golosale kufupi ndi msewu, ndipo anthu ankati mimba yangayo ndi umboni wakuti bizinesi ikuyenda. Nanenso ndinkakhulupirira. Kenaka kunabwera shuga, kunabwera BP, maondo anayamba kukana kachitunda kopita kutchalitchi ku Mishoni, ndipo ndikagona mpweya unkandithawa mpaka mkazi wanga, aNaphiri, ankandigwedeza kuti aone ngati ndikadalipo. Mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino ku Joni, ndiye anati basi, abambo abwere kuno adzawachepetse chifu.

Dokotala wa kumeneko anandijambulira papepala. Anati adula chifu n'kutaya mbali yaikulu, chotsalacho chikhala ngati nthochi, ndipo m'mbali mwake atseka ndi timapini tachitsulo tambirimbiri, tonga timene amamangira mapepala mu ofesi. Anandichenjezanso kuti ndikadya zolimba msanga pakhoza kutseguka, ndipo zizindikiro zake ndi mtima kuthamanga, thukuta ndi ululu. (Zina zonse zimene ananena ndinaiwala. Izi zokha ndiye zinakhazikika m'mutu ngati vesi loloweza.)

Ndinabwerera kuno ndi timabala ting'onoting'ono pamimba, komanso lamulo lakuti ndizidya zamadzimadzi zokha: phala losefa, msuzi wopanda nyama yake, yogati. Kwa anthu tinangoti ndinapita kukaona mwana ndipo ndinadwalako pang'ono.

Palibe amene anandiuza za chisoni. Ululu ndinkauyembekezera, ndipo unali wopiririka. Chimene sindinkayembekezera n'chakuti bambo wa ana akuluakulu, mkulu wa mpingo, angalire chifukwa cha fungo la anyezi amene akukazingidwa kwa aneba. Njala sindinkaimva n'komwe. Masipuni angapo a phala, ndakhuta. Koma mtima unkafuna. Ndinkakhala pakhonde kuyang'ana phiri, n'kumadzifunsa kuti ndinachitiranji zimenezi. Munthu ukagula galimoto yoipa umaigulitsa. Chifu ukataya, wataya. Tsiku lina ndinaimbira mwana wanga kumufunsa ngati mbali ija anaisunga mufiriji. Anaseka, mpaka anamva kuti ine sindikuseka.

Ndinasandukanso munthu wovuta. Ndinafika powakalipira aNaphiri chifukwa cha kulira kwa sipuni m'mbale. Iwo anasiya kudyera m'nyumba. Ankandipatsa kakapu kanga ka phala, n'kuzimiririka kuseri kwa khitchini, n'kubwerako akupukuta pakamwa ngati achokera kokaba.

Tsono inali nyengo ya mondokwa. Amene munakhalako kuno mukudziwa kuti nthawi imeneyi chigwa chonse chimanunkhira chimanga chootcha, ndipo utsi wake sudziwa mpanda. Lachinayi limenelo aNaphiri analowa m'munda wa kuseri kukathyola ndiwo. Ine ndinati ndiyendeko pang'ono monga anandilamulira adokotala, ndipo miyendo inanditengera kuseri kwa khitchini (ndikunamizira miyendo, inkatsogolera ndi mphuno). Pa kampando panali mbale yovundikiridwa ndi inzake. Ndinatsegula. Chimanga chootcha, cholumidwa theka, chikadali chofunda.

Ndinadziuza kuti ndingonunkhiza. Kenaka ndinati ndingotafuna n'kulavula. Ndinatafuna, ndinalavula, monga munthu wosunga mawu ake. Ndinalumanso kachiwiri, ndipo ndili pakati potafuna nkhuku inakupiza mapiko kumbuyo kwanga. Ndinadzidzimuka poganiza kuti ndi aNaphiri, ndipo zonse zinalowa.

Ndinazimva zikutsika. Zinaima penapake pansi pa chifuwa ngati lole ya njerwa pamlatho wopapatiza. Ndinabwerera pakhonde monyang'ama, n'kukhala pampando, n'kukweza malaya kuti ndione timabala tija. Tinali bwinobwino. Koma pamchombo penipeni, m'kati mwa khwinya la khungu, munali kanthu konyezimira. Ndinakatola ndi zala ziwiri. Kapini. Kachitsulo kopindika mbali zonse, ndendende ngati kamene dokotala anajambula.

Abale anga, pamenepo kunja kunada. Sindinadzifunse kuti kachitsulo kangaboole bwanji mnofu ndi khungu popanda dontho la magazi. Munthu wamantha safunsa mafunso oterowo. Ine ndinangoona chifu changa chikumasuka ngati mpendero wa thalauza ulusi ukaduka: pini imodzi yachoka, zina zikubwera pambuyo. Mtima unayamba kuthamanga. Thukuta linatuluka. Ndinakumbukira zizindikiro za dokotala ndipo zinali zikukwana, ndiye pamene ndinkaona kuti zikukwana m'pamene mtima unkawonjezera liwiro.

Kufuula ndinaopa, kuti ndingathothole ina. Ndinawaimbira foni aNaphiri, ngakhale mpango wawo ndinkauona pomwepo pakati pa chimanga. Atafika ndinawatambasulira dzanja.

"Yachoka imodzi," ndinanong'ona.

Anayang'ana kapiniko, anayang'ana ine, ndipo dengu la ndiwo linagwa pansi. Mumtima ndinkayembekezera kuti andiseka n'kundiuza kuti ndisiye zachibwana. Ayi. Nkhope yawo inatuwa, ndipo apo m'pamene ndinatsimikiza kuti zanga zada. Anandifunsa ngati ndadya kanthu. Ndinati ayi. Anatambasula dzanja, n'kuchotsa kagaga ka chimanga pandevu panga.

Anaimbira mwana ku Joni, foni inangoitana osayankhidwa. Ndiye anatenga chitenje n'kundimanga pamimba ngati mtolo wa nkhuni, kapini n'kukaika m'bokosi la machesi, n'kuthamangira kwa a Likaka, aneba athu amene ali ndi pikapu yonyamulira tomato. Kuchoka pakhonde kukafika pagalimoto ndinayenda nditagwira mimba ndi manja onse awiri, ndikukwekweza mapazi, ngati munthu wonyamula mazira m'malaya.

Msewu wa ku Zomba ndauyenda moyo wanga wonse, koma sindinkadziwa kuti uli ndi mahampu ochuluka chonchi. Hampu iliyonse ndinkamva pini ikuthothoka. A Likaka akathamanga ndinkawapempha kuti achepetse. Akachepetsa ndinkawauza kuti akundipha. Tikudutsa pa Naisi ndinayamba kutsanzika. Ndinauza aNaphiri kuti golosale asaisiye m'manja mwa achimwene anga, kuti mwana asadziimbe mlandu, ndiponso kuti andikhululukire pa nkhani ya sipuni ija. Iwo anali atandigwira dzanja mwamphamvu, milomo ikuyenda yokha. A Likaka, dzanja limodzi pachiwongolero lina pafoni, ankauza aliyense amene ankamudziwa kuti abwana a golosale aphulika.

Chimene chinkandiwawa sichinali imfa yokha. Chinali chakuti ndapita mpaka ku Joni, ndalola mpeni n'cholinga choti ndidzaone adzukulu anga, ndiye n'kudzafa ndi chimanga cholumidwa kale ndi munthu wina. Ndinkawaona abusa akufotokoza mbiri yanga pamaliro, akufika pamenepo n'kuyamba kukhosomola.

Kuchipatala anatilandira msanga, poti aNaphiri analowa akunena kuti munthu wa opaleshoni watseguka m'kati. Dokotala anali mayi wamagalasi, wolankhula modekha. Anandiyeza kutentha kwa thupi ndi kugunda kwa mtima, n'kundiuza kuti ndivule malaya. Anadina pamimba paliponse akufunsa ngati pakupweteka. Ndinkafuna ndithu kuti papweteke, kuti ulendowu ukhale ndi mutu, koma sipankapweteka. Ndiye ndinapereka bokosi la machesi ngati umboni kukhoti.

Anakayang'ana kapiniko kwa kanthawi. Anati timapini ta m'chifu n'tating'ono kwambiri kuposa aka, ndipo tilibe njira yotulukira pamchombo. Ndinati mwina anga ndi aakulu poti ndine munthu wamkulu. Asanayankhe, ndinamva aNaphiri akukoka mpweya kumbuyo kwanga. Anali akupinda malaya anga aja. Anali atawagula dzulo lake pa kaunjika, chifukwa akale onse anali atayamba kundilendewera ngati tenti, ndipo m'kati mwake, chakumunsi, munali kapepala ka mtengo. Mbali imodzi kanagwidwa ndi kapini. Mbali inayo kunali timabowo tiwiri.

Dokotala anatembenukira kuzenera, mapewa akugwedezeka. ANaphiri anakhala pansi, pasimenti penipeni, malaya ali kumaso, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ankaseka kapena ankalira.

Ine ndinalira. Osati chifukwa cha manyazi (amenewo anabwera pambuyo pake, ndipo sanachokebe). Zinangotuluka zokha. Ndinamuuza mayi wosamudziwa uja kuti ndikufuna chifu changa, kuti ndinalakwitsa, kuti ndatopa n'kuopa chilichonse chimene ndameza, kuti m'nyumba mwanga mkazi wanga akudya mobisala chifukwa cha ine.

Dokotala anakoka mpando n'kukhala. Anati ndachita bwino kubwera, ndipo mtima ukadzathamanganso chonchi kapena thupi likadzatentha ndidzabwerenso, ngakhale zitadzakhala kuti ndi malaya ena. Chimanga anati ndisayerekezenso mpaka a ku Joni atalola. Za kulirako anati si ine ndekha: ambiri m'milungu yoyambirira amanong'oneza bondo chonchi, chifukwa thupi likusintha mofulumira, ndipo chinthu chimene chinkawatonthoza chachotsedwa tsiku limodzi.

"Mukulira maliro, bambo," anatero. "Ndiye maliro munthu salira yekha atadzitsekera. Kunyumba akudziwa ndani?"

Ndinati palibe, kupatula aNaphiri.

Anatisunga mpaka mtima unabwerera m'malo mwake, n'kutilola kupita. Tikutuluka mwana anaimba kuchokera ku Joni, ataona mafoni ophonya. Mayi ake analephera kufotokoza. Anangomuuza kuti bambo ako ali bwino, odwala ndi malaya.

Koma funso la adokotala lija a Likaka anali ataliyankha kale ndi foni yawo. Titafika kunyumba chakumadzulo tinapeza pabwalo podzaza. Amayi a kumpingo anali pamphasa, akulu a mpingo anzanga pamipando imene anatulutsa okha m'nyumba, achimwene anga aja ataima pafupi ndi chitseko ndi nkhope ya munthu wokonzeka kulandira makiyi. Nyimbo inali itayambika chapansipansi. Nditatsika ndekha m'galimoto, chitenje chili paphewa, nyimboyo inathera pakati pa mzere.

Panalibenso kobisala. Ndinaima pakhonde n'kufotokoza zonse: za Joni, za chifu chonga nthochi, za chimanga, za malaya. Anthu anayesetsa kudzigwira mpaka aNaphiri anakweza kapepala kaja m'mwamba, ndipo apo ndiye panaphulikadi. Amayi ena anachita kugona pamphasa ndi phwete. Chiseko chitatha, bambo wina amene ndakhala naye benchi imodzi kutchalitchi zaka zonsezi anandikokera pambali. Anandifunsa motsitsa mawu ngati shuga watsikadi, chifukwa nayenso zala za kumapazi zayamba kuchita dzanzi. Ndinamuuza zoona, kuti watsika. Aka kanali koyamba kunena chabwino chilichonse cha opaleshoni ija, ndipo ndinadabwa kumva kuti pakunena ndi pakamwa panga.

Odzazonda matenda sabwera chimanjamanja. Panali mbatata yophika, maungu, thobwa, ndi chimanga chootcha chodzaza lichero. Panalibe ngakhale chimodzi choti ine n'kudya. ANaphiri anayamba kuzitolera kuti akazibise kuseri. Ndinawaletsa.

"Agawireni anthu adyere pomwe pano," ndinatero. "Inunso khalani apa, mudye ndikukuonani."

Anandibweretsera kakapu kanga ka phala, ndipo ndinakhala pakati pa anthu ndikunyambita sipuni pang'onopang'ono, bwalo lonse likukukuta chimanga kumanja ndi kumanzere kwanga.

Ndikanakonda kukuuzani kuti tsiku limenelo mtima unachira. Ayi. Mantha amabwerabe, ndipo masiku ena ndimadzuka ndikulakalaka chifu changa chakale monga munthu amalakalakira nyumba imene anasamukamo. Chimene ndaphunzira n'chochepa, cholingana ndi malo amene ndatsala nawo: zikandivuta ndimanena kwa munthu wamakutu, ndisanayambe kugawa katundu. Madzulo amenewonso misozi inatsika fungo la chimanga litandipeza. Anthu anaganiza kuti ndi chimwemwe choti ndili moyo. Sindinawatsutse, chifukwa mwina theka lake ankanena zoona.