Pikapu Yomwe Inamva Dzino la Tadala

Amene akuti ndimanama aimirire pompano ndimuone nkhope. Inu a Gondwe, mukuseka chiyani? Ine ndine bambo wa mwana, ndimayesa madzi osamba ndi chigongono, pamsewu wopanda galimoto ndimayang'ana uku ndi uku, ndiye ndingayambe bodza lero pakhomo pa tchalitchi?

Gitala yangayi ili ndi mapikapu awiri, tizitsulo ta maginito tomwe timamva kulira kwa nsambo n'kutumiza ku ampu, bokosi lokweza mawu. Yonenepayi ndi ya pagulu, imabangula ndipo siyimva phokoso lapambali. Tsiku lina mu tenti ya mapemphero ku Makause, kuno ku Joni, ndinaitsegula pang'ono chabe, dzimbiri linayoyoka pa malata onse, mashaki, tinyumba ta malata tija, n'kuwala ngati atsopano, ndege yomwe inkatsikira ku Kempton Park inabwerera m'mwamba kukadikira kuti tithe korasi, ndipo magetsi atathima ampu inapitiriza kulira yokha ndi mawu otsala m'mawaya. Mukumva? Inayo ndi yopyapyala, mawu ake oyera ngati madzi, koma ili ndi makutu a mfiti.

Ndiye linafika tsiku lojambula nyimbo za gulu lathu mu situdiyo ku Actonville. Mtsogoleri wathu a Phiri anandiuziratu kuti ndikasokoneza, pali mnyamata wa ku Benoni amene akudikira malo anga. Koma m'mawa umenewo mwana wanga Tadala anadzuka thupi lili moto, dovu chuchuchu, akukana bere. Ine ndinali nditavula kale nsapato kuti sindipita.

"Pitani bambo a Tadala," anatero mayi ake. "Mukangokhala pano mumuyeza kutentha mpaka mumutha khungu. Chikavuta ndikuimbirani."

Ndinakwera takisi kwathu ku Tembisa, nditafika ndinatchera ampu monga ndimachitira mu tenti. Nditangokhudza nsambo imodzi, wojambula mawu wa mu situdiyomo, Mzulu wina dzina lake Bra Sipho, anauluka ndi mpando womwe, kapu yake ya tiyi n'kutsala m'malere.

"Eish, mfowethu, m'bale wanga! Muno mulibe ziwanda zoti uthamangitse. Tsitsa ampuyo, ika yopyapyala. Mayiki ili pakamwa pa sipika, siyogontha."

Ndinatsitsa, ndinasintha. Abale anga, chipinda chija chinali chomata makoma ndi masiponji, koma pikapu ija inayamba kukoka dziko lonse: inamva filiji ya m'spaza, kagolosale ka kutsidya kwa msewu, ikung'ung'udza, inamva woitanira matakisi akukangana ndi mayi wonyamula mbaula, inatsika pansi pa nthaka n'kumva madala athu akalekale akulalatirana m'Chifanakalo, chiyankhulo chawo cha pantchito, m'migodi yotsekedwa, kenaka inawoloka malire popanda pasipoti n'kumva amayi anga ku Ntcheu akuthamangitsa nkhuku pa mphasa ya ufa. Mukumva? Ndikulumbira pa nsambo zonsezi.

Bra Sipho anati ndizitembenuka pang'onopang'ono ndi gitala mpaka ndipeze mbali yomwe phokoso likutha, poti ndi mmene amachitira ndi mapikapu otere. Ndinatembenuka, filiji inasowa, madala am'migodi anakhala chete, nkhuku zinapita, koma nditangoloza ku Tembisa sipika inati di-di-di-dit, di-di-di-dit, ndipo pansi pa kaphokoso kameneko ndinamva mwana wanga akusisima. Mwana wako umamudziwa. Ndinaima pomwepo osatembenukanso.

"Bwerera ku yonenepa, itsekereza zimenezo," anatero a Phiri, akuloza wotchi.

Taganizani. Ndikaika yonenepa nyimbo ituluka yoyera, malo anga apulumuka, koma mwana wanga sindimumvanso. Ndikakhala pa yopyapyala ndimumva kupuma kulikonse, koma mnyamata wa ku Benoni ayambe kupukuta nsapato. Chala changa chinafika pa kaswitchi kosinthira mapikapu, koma chinabwerera.

"Jambulani choncho," ndinatero.

Ndipo ndinaimba, osati mobangula, koma mofewa monga ndimamuimbira pomugoneka, ndikukanda nsambo ndi mnofu wa chala, ndipo poti msewu womwe mawu abwerera ndi womwenso angapitire, nyimbo ija inalowa mu pikapu chobwerera, inadumpha madenga a Benoni, inadutsa pansi pa mimba za ndege, inakhota pa spaza ya munthu wa ku Somalia, inalowa kuseri kwa nyumba ya alandilodi mpaka m'kachipinda kathu, n'kumugwira Tadala pachipumi, ndiye kutentha kwake konse kunakwera waya kubwera ku situdiyo, ampu inayamba kutuluka thukuta, inafiira, Bra Sipho anatenthetsapo tiyi wake uja, ine osasiya, misozi ili mbwembwembwe, mpaka ndinamva mwana wanga akuyasamula n'kugona. Mukumva, a Gondwe? Kapena ndibwereze?

Tinamaliza. Bra Sipho anati gitala yokoma choncho sanaijambulepo, kungoti di-di-dit uja wakhala pakati pa vesi yachiwiri ndipo sachoka. Kenaka anandiyang'ana pachifuwa, n'kupisa dzanja m'thumba la shati yanga, n'kutulutsa foni. Akuti foni ikayandikira pikapu yopyapyala, wina n'kumaiimbira foniyo, pikapuyo imalira choncho. Ndinali nditaitsekera mawu okha, poti kuizimitsa mwana akudwala sindingathe. Anali mayi a Tadala. Ndinawaimbira.

"Mwayankha mochedwa bwanji? Ndimafuna ndikuuzeni kuti ndi dzino. Latuluka. Wagona tsopano."

A Phiri anapukusa mutu, nati malo ndi anga, koma foni izitsala panja ndi nsapato.

Ndiye inu mukuti inali foni. Chabwino, foni inalipo. Koma ampu inatentha ndi chiyani? Nanga mwana anagona nthawi iti, si nthawi yomwe ndinkaimba? Kamvetsereni nyimboyo pa vesi yachiwiri: di-di-di-dit ameneyo ndi dzino la Tadala likuboola nkhama, ndipo Joni yense palibe wina anajambulapo dzino.

Lero mumadandaula kuti gitala yanga mu tchalitchi yachepa mphamvu. Inde, ndili pa yopyapyala, chifukwa mwana watsala kunyumba ndi kachimfine. Tsopano takhalani chete, ndilumikize waya. Ndikuona ngati wayetsemula.