Chakudya cha m'Phiri Saitanirana

Lolemba

Chiperoni. Phiri silikuoneka, zovala sizikuuma, Fomu 3 yonse ikutsokomola.

Nkhani yatsimikizika. Madamu Felesiya, mphunzitsi wa masamu, awasamutsira ku Limbuli, ndipo anyamuka Lamulungu. Zaka zitatu takhala pa matebulo oyandikana, ndipo zomwe ndawauzapo ndi "mwadzuka bwanji" ndi "choko chatha".

Ndine mphunzitsi wa Bayoloje, sindiyendera mphekesera ngakhale za m'thupi mwanga. Ndadziyeza. Mtima ndikakhala ndekha: 72 pa mphindi. Akalowa a hedi: 80. Akalowa Madamu: 96. Choncho si mantha.

Mabuku amati chikondi ndi timadzi ta mu ubongo. Koma sungaime pamaso pa mayi n'kunena kuti timadzi tako tasokonekera. Mwamwayi anthu akale anasiya zizindikiro zomwe zagwira ntchito zaka zambirimbiri. Ndondomeko:

1. Lachiwiri, mtima.
2. Lachitatu, duwa lofiira.
3. Lachinayi, nkhunda ziwiri.
4. Lachisanu, nthano ya Agiriki.
5. Loweruka, kulankhula.

Uta ndi muvi wa mulungu wa chikondi wa Aroma ndazisiya. Zida pasukulu n'zoletsedwa.

Lachiwiri

Mtima wa pa makadi uja ndi bodza. Palibe nyama ili ndi mtima wotero, ndipo dzanja langa likukana. Ndajambula weniweni: zipinda zinayi, mitsempha, magazi ofiira ndi abuluu, dzina la gawo lililonse.

Ndaupereka kwa Madamu pa buleki. Auyang'ana nthawi yaitali. "Mwajambula bwino, aphunzitsi. Ndikaupachike ku Fomu 3?" Ndati inde. Ndikanati chiyani? Uli pakhoma tsopano, pafupi ndi impso.

Pa tebulo langa ndapeza kontena ya chivindikiro chobiriwira. M'kati muli kalongonda, nyemba ya kwathu kuno, akadali wofunda. Dzina palibe. Ndaitana a Makwinja a Jogalafe, omwe sanakanepo chinthu cholowa m'kamwa. Ine masupuni awiri, iwo onse otsala.

Maso a Madamu afiira lero. Ndawalangiza apite kuchipatala.

Lachitatu

Ku Likhubula kuno kulibe wogulitsa maluwa. Ndakwera kabaza mpaka pa Chinakanaka. Kumeneko alipo mayi mmodzi yekha, ndipo ntchito yake ndi yoluka nkhata za maliro. "Watisiya ndani, bambo?" Ndati palibe, ndikufuna duwa limodzi. Akuti limodzi sagulitsa, amagulitsa ozungulira.

Ndatenga yaing'ono, poganiza kuti ndizula duwa limodzi kunyumba. Njira yonse anthu akuvula zipewa. Wakabaza wazimitsa kawailesi kake ndipo akupalasa mwaulemu, mvula ili tsaa.

Pageti ndakumana ndi aphunzitsi akuweruka. Andizungulira. A hedi andigwira paphewa n'kundipatsa masiku atatu opuma. Madamu andigwira dzanja ndi manja awiri, koyamba m'zaka zitatu: "Pepani kwambiri. Ndi ndani?"

Palibe! Ndafotokoza kanayi. A Makwinja akuti ndi bwino munthu kugulira nkhata yake akadali moyo, asankhe yekha mtundu.

Mtima: 110. Mwina ndi chimfine.

Lachinayi

Agiriki ankati ngolo ya mulungu wawo wamkazi wa chikondi imakokedwa ndi nkhunda. Kulemera kwa ngolo sanakutchule. Komabe n'zoona kuti nkhunda zimakhala ziwiriziwiri moyo wonse, ndiye chizindikirochi chili ndi umboni.

Ndagula ziwiri kwa bambo woweta kuseri kwa msika, ndaziika m'katoni, ndapereka. Madamu aseka. "Ku Limbuli ndilibe khola, aphunzitsi." Atsegula kuti azione. Phaa! Zonse ziwiri pawindo. Pofika masana zinali zitabwerera kwa mwini wake, yemwe akuti sangazindikire ziti ndi ziti.

Nkhunda imabwerera kwawo. Izi ndimaphunzitsa ndekha ku Fomu 2.

Kontena ija yabweranso, yodzaza. Ndikuitana a Makwinja, a Namakhwa alonda athu, omwe kale ankanyamula katundu wa alendo m'phiri, aima pakhomo n'kupukusa mutu. "Aphunzitsi, kumtunda kuja ukapeza chakudya chokonzakonza, umakhala pansi n'kudya wekha. Sufunsa waphika ndani, suitana mnzako. Ukaitana, eni ake, mizimu ya m'phiri, amachotsa, ndipo sudzachionanso." Ndawafunsa ngati iwo anachipezapo. Akuti amene anachipeza sanena. Ndiye umboni uchoka kuti?

A Makwinja anyambita chivindikiro.

Madamu akununkha utsi, ndipo zala zawo zatuwa. Kulongedza katundu n'kovuta.

Lachisanu

Mphuno zatsekeka. Ndagona pang'ono.

Nthano. Mu ofesi ya aphunzitsi tatsala awiri, ine ndi Madamu. Ndawauza kuti Agiriki ankati kalekale munthu anali ndi miyendo inayi ndi nkhope ziwiri, milungu n'kumudula pakati, ndipo mpaka lero theka lililonse likufunafuna linzake. Ndaonjezera kuti thupi lotero silingakhale ndi moyo.

Aika cholembera pansi. "Nanga thekalo likakhala pafupi, linzakelo limaliona?" Ndati nthanoyo sinena.

Kenako afunsa: "Kodi kalongonda mumamukonda?"

Apa ndiye ndili pakwathu. Ndafotokoza kuti nyembayi ili ndi poizoni, kuti umaiwiritsa tsiku lathunthu, kusenda khungu imodziimodzi, kutaya madzi kambirimbiri, ndipo ukachita ulesi umazunguza banja lonse mutu. Ndati poyerekeza nkhuni zomwe zimatha ndi chakudya chomwe umapeza, n'kutaya nthawi. Ndati amene amamukonda ndi a Makwinja.

"Oho," atero. Atenga mabuku awo.

Ndikuona kuti zayenda bwino. Lero ndiye tacheza nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Loweruka

Tsiku lolankhula. Ndalemba ziganizo zitatu, ndaloweza, ndasita malaya onyowa.

Ndikufika pakhomo pa Madamu, lole ili kale pabwalo! Achimwene awo aipeza lero, mawa ili ndi ulendo wina. Anthu ali pikitipikiti. "Mwafika bwino, aphunzitsi, gwirani uko." Ndagwira kabati.

Zomwe ndanyamula:
kabati,
matiresi,
mtondo,
kabati yomweyo kachiwiri, chifukwa inalowa chagada.

Zomwe ndanena: "Samalani galasi."

Kuseri kwa khitchini kuli mulu wa makoko akuda. Nkhuni palibe ndi imodzi yomwe. Ndaona, koma mtondo unali paphewa.

A Makwinja akwera pamwamba pa katundu kuti akathandize kutsitsa ku Limbuli. Palibe wawapempha. Madamu andipatsa dzanja limodzi. "Tsalani bwino, aphunzitsi. Muzidya." Ndati ayende bwino. Ndaonjeza kuti matayala akumbuyo ndi ofewa.

Lamulungu

Chiperoni chapita. Phiri lonse lili poyera, ngati silinabisalepo.

A Namakhwa abwera kunyumba atatuluka kutchalitchi. Akufuna kontena ya chivindikiro chobiriwira ija, akuti Madamu anawauza aitumize pa minibasi. Ndafunsa kuti Madamu ikuwakhudza bwanji.

Andiyang'ana monga ndimayang'anira mwana wolemba kuti mtima uli m'mimba. "Nanga pa tebulo paja ankaika ndani? Ine. Amandituma. Kwathu kuno, aphunzitsi, mkazi sakuphikira kalongonda chifukwa choti uli ndi njala."

Ndati akanandiuza. Akuti anandiuza Lachinayi.

A Makwinja sanabwerebe.

Ndatsuka kontena. Ndinaganiza zoikamo kapepala ka ziganizo zitatu zija, koma kananyowa m'thumba dzulo, inki yayenderera, ndipo a Namakhwa akuti minibasi sidikira. Yapita yopanda kanthu.

Nkhata ikufota kuseri kwa chitseko. Mawa ndili ndi Fomu 3, mutu wake ndi kayendedwe ka magazi, ndipo chithunzi chili kale pakhoma.

Mtima: 72. Mabuku amati ndiye kuti ndili bwino.