Njinga yogona ndi diso limodzi

Chinayamba ndi kaphokoso kakuti tche tche tche. Bambo a Tadala adina batani kuti njinga ilire, iyo tche tche tche, kenako zii. Tsiku limenelo sindinkadziwa kuti nkhaniyi idzafika mpaka kwa amayi a mapemphero.

Timakhala ku Zakazaka, pamalo potsetsereka moti ukagwetsa lalanje umakalitola kwa aneba. Njinga yamoto ya kabazayo imagona pakhonde, kumbuyo kwake kutaloza kukhoma, itafunditsidwa chisaka. Ndiye Upile, mwana wanga wokwawa, malo ake okonda ndi pamenepo, nayenso Tadala wa zaka zinayi amangozungulira pomwepo. Ine mtima uli m'mwamba. Chinthu cholemera ngati ng'ombe, chaima ndi mwendo umodzi, chikatsetsereka nanga? Ndinang'amba kansalu ku chitenje changa cha maluwa achikasu, ndipo madzulo aliwonse bambowo akalowa kubafa ndinkamanga chogwirira cha buleki kuti gwa, n'kubwezera chisaka. M'mawa posesa ndinkamasula, poti anandiuza kale kuti, "Mayi a Tadala, njingayi muziigwira ndi maso okha."

Kiki yolizira ndi phazi inathyoka kalekale, choncho batire likatha njinga imafuna kukankha. Wokankhayo ndinali ine, mwana ali kumsana, chokwera mpaka kumsewu (chotsika kumathera pachimbudzi cha aneba, tinayesapo kamodzi).

Bambowo anapita nayo kwa a Jafali, makaniko a ku Likangala. A Jafali anayezayeza mawaya ndi kachipangizo kawo, anati zonse zili bwino, natchaja batire. M'mawa mwake, tche tche tche. Bambo a Tadala anagula batire latsopano. Silinathe sabata. Mayi wina wogulitsa masitiroberi, amene bambowo ankakamutenga kuphiri m'mawa uliwonse, anatopa kudikira n'kupeza wakabaza wina.

Apa ndi pamene a Nachisale, aneba athu a chimbudzi chija, anandiitanira kumpanda.

"Achemwali, batire silitha lokha. Alipo akuikwera inu muli m'tulo."

"Nanga mafuta bwanji sakutha?"

"Iwowo sayendera mafuta. Amayendera batire." Anayang'ana Upile kumsana kwanga n'kutsitsa mawu. "Ndipo njinga ya kabaza siyenda yopanda pasinjala. Anawa akumadzuka otopa?"

Tadala anali atayasamula kawiri m'mawa umenewo. Ndinawerenga.

Madzulo ake ndinamanga buleki ndi mfundo zitatu, ndinati aikwere tione. Ndikuwerama kuti nditole kasupuni ka Upile, ndinangoona kukhoma kwafiira. Pansi pa chisaka panali diso, limodzi, lofiira psuu, losaphethira. Ndinanyamula ana onse awiri, wina kukhwapa wina m'manja, mpaka kwa a Nachisale, mapazi opanda nsapato. Bambowo atatuluka kubafa ndinangoti ana alira kukagona kwa aneba. Kunena za disolo kukanafuna kuti ndinene chomwe ndinkachita panjingapo.

Mawa lake masana, njinga ili gone pakhonde, a Nachisale anabwera ndi amayi anayi a mapemphero. Anaizungulira, kuimba, kuisanjika manja, wina pampando, wina pathanki. Mayi wamkulu, pakudzudzula mwamphamvu, anatsamira batani la hutala. Hutalayo, ndi timphamvu totsala, inabuula ngati mbuzi yodwala.

"Chikutuluka," anatero a Nachisale, ali kale kuseri kwa mpanda.

Chinatuluka kapena ayi, a Jafali anatchajanso batire, ndipo m'mawa mwake tche tche tche.

Lachisanu kunja kukungoyera, ndisanagwire n'tsache lomwe, ndinamva odi. A Jafali. Anati njingayi masana imawanamiza, akufuna aione mmene imagonera. Ndinayesa kuwalowetsa m'nyumba, ndinati tiyi, ndinati mpando, iwo ayi mlamu, n'kuvundukula chisaka. Diso lija linali likadali pomwepo, litafooka ngati khala la dzulo.

"Iyi ndi nyale ya buleki," anauza bambo a Tadala, amene anatuluka atakolekera thaulo m'khosi. "Mwini wake woyamba anailumikiza molunjika kubatire, sidutsa pakiyi. Buleki ikagwidwa imayaka, kaya njinga yazima. Funso n'lakuti akuigwira ndani mpaka kucha."

Anatsata waya ndi chala, kuchokera kumbuyo, pansi pa mpando, pathanki, mpaka anafika pa kansalu. Anayang'ana kansaluko. Anayang'ana chitenje chomwe ndinavala. Anayang'ananso kansaluko.

"Mlamu, mfundo zimenezi mumaphunzitsa? Ndili ndi mbuzi yovuta kunyumba."

Bambo a Tadala sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Mayi a Tadala, ndiye masiku onsewa mumakankha njinga mukudziwa?"

"Sindimadziwa. Ine ndimaopa kuti igwera mwana."

Kenako bambowo anafunsa ngati amayi a mapemphero aja angabwerenso, asanjike manja pamalo oyenera. (A Nachisale mpaka lero amati disolo linali lenileni, kansalu kanangopezekapo.)

A Jafali anasuntha waya uja kuti uzidutsa pakiyi, ndipo anati tsopano ndikhoza kumanga mmene ndingafunire. Koma ine waya sindimukhulupirira. Ndinatuta njerwa zisanu ndi imodzi, ziwiri kutayala lililonse, ziwiri zochirikiza mwendo uja. Tadala ndinamulembera mzere ndi khala pakhonde, amadziwa kuti akaudumpha aona zakuda. Ndipo chitenje cha maluwa achikasu chija chikugwirabe ntchito: njinga ikangolowa pampanda, ndimamanga Upile kumsana, mfundo zitatu.