Agogo Amkuwa Akomoka pa Linga

Nzeru yonse inatuluka m'botolo la sopi, kachasu wathu wa kuno ku Maluku, kuseri kwa msika wa nsomba.

Ulis ankafuna kukwatira Mince. Koma bambo a mtsikanayo, Om Nus, kwawo ndi ku zilumba za Kei, kumene malowolo sakwana popanda kamzinga kamkuwa, mfuti yaikulu ija ya pa nkhondo zakale. Ulis analibe ngakhale sipuni yamkuwa.

"Ukudandaula mzinga, aise?" anatero Buce, amene ankadzitcha Jenerale chifukwa tsiku lina anatsukapo galimoto ya asilikali. "Adatchi anatisiyira yambirimbiri pa linga paja. Ikungoloza kunyanja ngati kuli wina akubwera."

"Nanga mlonda?" anafunsa Ateng, wotchedwa Nkhanu poti akamwa amayenda chammbali.

"Mlonda amaletsa kutulutsa mizinga, saletsa kutulutsa odwala. Tikaukulunga mumkeka, tikati agogo akomoka ndi dzuwa."

Ulis anaona kuti munthu wamutu chonchi boma likungomuwononga.

Mawa lake masana analowa m'lingamo ngati alendo ena onse. Anasankha kamzinga kochepetsetsa ka pakona, pamwamba pa khoma, anakakulunga, nakaveka chipewa. Kuchepako kunali kwa m'maso chabe. Pofika pachipata, Nkhanu lilime linali panja.

"Pepani bambo, agogo akomoka," anatero Jenerale.

Mlonda anataya ndudu yake, nagwira kumiyendo. "Koma akuluwa amadya bwino," anatero akubuula.

Jenerale anali ataiwala kuti m'tauni muno munthu sakomoka yekha. Pamthunzi panja pa chipata panali amayi a kwaya akudya nthochi zokazinga. Mtsogoleri wawo, Tante Oya, sayenda opanda kabotolo ka mafuta a bulugamu, amene kwa iye amachiza chilichonse kuyambira chimfine mpaka kusudzulidwa.

"Agonekeni apa, ana inu."

"Ayi Tante, tikuthamangira kuchipatala," anatero Ulis.

"Chipatala chake chiti choposa mafuta awa? Chifuwa chawo chili mbali iti?"

Anathira mafuta m'manja, napisa dzanja mumkeka. Anakhudzanso pena. Kenako anayang'ana Ulis ndi chifundo chimene mnyamatayo sanachionepo chibadwire.

"Limba mtima, mwana wanga. Azizira kale, mpaka auma."

Kwaya inayamba nyimbo pomwepo. Wogulitsa nthochi anatseka benchi yake, napatsa Ulis madzi akumwa. Wina anathamangira kutchalitchi, belu linalira, ndipo asodzi anasiya maukonde kudzanyamula malemu pamapewa. Kuthawa kunalibe njira: mbava iliyonse inali ndi mayi kudzanja ili ndi mayi kudzanja ilo, akuisisita msana.

"Lira, chitsiru iwe, atikayikira," ananong'ona Jenerale.

Ulis analira, ndipo sanachite kuyeserera. Nkhanu anapitirira muyeso, kudzigwetsa pansi n'kumafunsa agogo kuti amusiyira yani.

M'holo ya tchalitchi, wotseka maso a akufa amakhala mkulu wa mpingo, ndipo mkulu wa mpingo anali Om Nus. Analowa atavala jekete yakuda, nagwira Ulis paphewa mwaulemu, koyamba chimudziwireni. Kumbuyo kwake kunaima wapolisi amene anabwera kudzapepesa, chipewa chili m'manja.

Om Nus anapemphera pang'ono, nachotsa chipewa cha malemu. Anasuzumira nthawi yaitali m'dzenje lakuda la kukamwa kwa mzingawo.

"Ulis," anatero motsitsa mawu, "agogo akowa ali ndi diso limodzi, ndipo silitsekeka."

Nyimbo inafera pakati. Tante Oya ananunkhiza dzanja lake.

"Om, ndimafuna ndikupatseni inuyo," anatero Ulis.

"Ndaona, mwana wanga. Koma Mince sindingamutumize kubanja limene limaba makolo ake omwe."

Wapolisi anavala chipewa chake. Asanawatengere kupolisi, anawalamula kuti abweze agogo pamalo pawo, pamwamba pa khoma. Ulendo uno panalibe amene anawathandiza kunyamula.