Bowo la mu ukonde wa eni ake

Mpaka lero mkazi wanga akaona ndagwira singano amayamba kuseka, ndipo sindimuimba mlandu.

Panthawiyo tinkakhala kudziko la azungu, ku Braunstone, iye ali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Mtima wake unagwa pa usipa. Chakudya china chilichonse chinkangobwerera, moti anayamba kuwonda ine ndikuona. Zinandidetsa nkhawa kwambiri.

Mnzanga wakuntchito, mzungu, anati bambo ake ali ndi boti lokoka ukonde pansi pa nyanja ku Lincolnshire. Ndinaganiza kuti ukonde wotero sungalephere kukokolola tinsomba. Loweruka ndinanyamuka ndi zidebe ziwiri (inde, ziwiri, chikhulupiriro ndinali nacho).

Mkuluyo anandilandira bwino padoko, n'kundiuza kuti ndidikire kaye akagule mafuta. Ukonde unali woyalidwa pansi. Nditauyang'ana ndinamva chisoni. Chakumapeto kwake anamangirirako chitsulo cha mizeremizere ngati chowotcherapo nyama, ndipo kuseri kwake kunali chibowo choti mbuzi n'kudutsa. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, kumene kusiya ukonde wobooka n'chamanyazi. Ulusi ndi singano zinali pomwepo. Ndinakhala pansi n'kusoka bwinobwino, mfundo zake zolimba zoti malemu bambo akanandinyadira.

Mkulu uja atabwera anaima chilili, kenako anavula chipewa.

"Mwana wanga, wachita chiyani?"

"Musathokoze, bambo. Kwathu timatero."

Anandigwira paphewa n'kundifotokozera pang'onopang'ono, ngati mwana wa sukulu yamkaka. Nsomba zikafika pachitsulo chija, zikuluzikulu sizikwana m'mipata yake ndiye zimatsetserekera m'thumba. Zing'onozing'ono zimapyola n'kutulukira pabowo lija kuti zikakule. Atapezeka panyanja bowolo lili lotseka, boti lake likhoza kulandidwa chilolezo.

"Ndiye tinsomba tating'ono mulibe?" ndinafunsa ndi mawu otsika.

"Ntchito ya bowolo ndi yoti ndisakhale nato."

Tinamasula mfundo zanga tonse awiri mpaka madzi anaphwa padoko, ulendo wake wa tsikulo n'kulephereka. Sanakalipe. Anangoti sanaonepo munthu womuwonongera ntchito mwaluso chotere. Potsanzikana anandipatsa chinsomba cha dzulo lake, chotalika ngati mkono wanga.

Kunyumba mkazi wanga anasuzumira m'chidebe.

"Bambo a m'nyumba, mwadumpha shifiti yonse kukanditengera agogo ake a usipa?"

Ndinaulula zonse mutu uli pansi. Anaseka mpaka misozi, kenako anaika dzanja pamimba.

"Tisiyeni tikule tinsombato," anatero. "Nanenso ndili ndi kanga kakang'ono kuno. Duladulani ameneyu tizidutswa, tinamizire."

Ndinaduladula tizidutswa ngati zala, n'kukazinga ndi tomato. Tsiku limenelo anadya n'kumaliza mbale, ndipo chakudyacho sichinabwerere.

Ndinaphunzirapo kufunsa kaye ndisanathandize munthu. Koma madoilo a pabalaza, tinsalu toluka ta mabowomabowo, mkazi wanga amawabisabe ndikakhala pa ofu.