Sabata Yophunzitsa Lizulu za Imelo Zabodza

Lolemba
Ndatopa! Digiri ili m'sutikesi, ine ndili pakhonde kuonerera malole a kachewere akudutsa. Anzanga a ku koleji onse ali ku Lilongwe, ndimangowaonera pa gulu lathu la pa foni. Lero kwabwera imelo yonamizira kampani yolipirira zinthu pa intaneti, ati akaunti yanga itsekedwa ndikapanda kudina linki. Akaunti yoti ndilibe! Pomwepo nzeru yabwera: Loweruka ndiphunzitsa anthu a pa Lizulu kuzindikira akuba amenewa. Zikayenda, ndiyambitsa bungwe. Dera lino lisinthe basi, ndipo sabata yomwe ino.

Lachiwiri
Ndalemba zizindikiro za imelo yabodza pa katoni:
- Sakutchula dzina, amangoti "kasitomala wokondedwa".
- Amakuthamangitsa: lero lomwe, apo ayi titseka!
- Adiresi ya wotumiza siigwirizana ndi dzina la kampani.
- Amafuna pasiwedi. Kampani yeniyeni siipempha zimenezo.
- Linki osadina. Lowa wekha pa tsamba lawo ukaone.

Ndawawerengera amayi. Amvetsera mpaka kumapeto, kenako ati, "Katoniyo ndimaikamo tomato."

Lachitatu
Kumsika kukaitanira anthu. Pakamwa panga pathawa mawu oti wekishopu m'malo mongoti maphunziro. Mayo ine! Aliyense funso ndi limodzi: alawansi ilipo? A Maseko ogulitsa kabichi ati, "Iwe mphwanga, tisiye malonda tikakhale pa mpando chabe? Ndi nkhomaliro yomwe palibe?" Wokhala ndi imelo ndapeza mmodzi, telala, koma pasiwedi anaiwala kalekale. Ameneyo ngakhale wakuba angamulephere.

Lachinayi
Pakufunika chitsanzo chokaonetsa. Ndapanga ndekha uthenga wonga wa akuba, linki yake ikungotsegula mawu oti "Wagwidwa!" Wokongola kwabasi. Ndauponya pa gulu la anzanga kuti ndiuyese. Sindinawachenjeze, nanga akadziwa angakhalenso mayeso? Kunena zoona, ndikufunanso wina andiyankheko. Chichokereni ku koleji, ndikalemba moni pagulupo amangodutsa ngati adutsa chitsa.

Lachisanu
Ayankha! Chisomo, yemwe tinkagona chipinda chimodzi, walemba: "Magaye, nambala iyi yabedwa, osadina." Ndalemba msanga kuti ndine ndemwe, ndimangoyesa. Wina wati, "Akuba amatero kumene." Ndajambula mawu kuti amve okha, netiweki yathawira ku Mozambique, uthenga ukungozungulira. Liwiro kupita pachulu pomwe imagwira. Pofika, andichotsa kale pagulu. Ndaimbira Chisomo, wandibuloka.

Achita ndendende zomwe ndikufuna kuphunzitsa mawa. Ndiyenera kunyadira. Sizikutheka.

Loweruka
Mipando yobwereka kutchalitchi ndaindanda pansi pa mtengo. Obwera:
- A Maseko, kudzatsimikiza ngati zoti palibe alawansi zinali zoona. Abwerera.
- Amayi ena odikira minibasi, mpaka minibasi yabwera.
- Mbuzi.

Ndaphunzitsabe, mokweza, mpaka pa za pasiwedi. Mphepo yozizira, mawu akungouluka. Mipando ndabweza ndekha pamutu. Panjira ndimangoganiza kuti nkhani imeneyi Chisomo akanaseka mpaka kugwa, koma ndimuuze bwanji?

Lamulungu
Kutchalitchi alengeza kuti mipando isamabwerekedwenso kwa "mabungwe". Anthu andicheukira. Ndi koyamba sabata ino kuti anthu ambiri chonchi andiyang'ane.

Foni ili zii. Kale inkalira tsiku lonse. Anzanga a pagulu paja sankalankhula ndi ine, inde, komabe ndinkadziwa yemwe wakwezedwa pantchito, yemwe akumanga banja. Masana ndabwereka foni ya amayi kuimbira Chisomo. Yaitana mpaka kuduka yokha. Kenako kauthenga: "Manambala achilendo sindiyankha."

Akuchita bwino. Ndikanamulangiza chomwecho.

Bungwe laima kaye. Mawa kukakumba kachewere. Amayi ati ndivale nsapato zakale, foni ndiisiye kunyumba ingagwere m'matope. Ndiisiya. Palibe aimbe.