Tsiku Limene Ndinasenza Simenti ya Amuna Anga

Mpaka lero kunja kukazizira khosi langa limandikumbutsa Loweruka lina ku Area 15. Nkhaniyi ndaibisa zaka zambiri, koma amene anaiona ndi maso, ambiri anatsogola, ndiye otsala ondiseka ndinu nokha. Sekani, ndakulolani.

Inali nthawi imene boma linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Ine ndinkatayipa makalata mu ofesi ina, amuna anga, a Mbewe, anali kalaliki. Anatikweza pa lole ndi mipando yathu n'kukatitsitsa pa nyumba yatsopano yonunkha penti. Kunalibe mtengo ndi umodzi womwe, fumbi lofiira lokhalokha, ndipo nyumba zambiri za mumzere wathu zinali zisanalowe anthu.

Tinali titatha zaka zisanu m'banja popanda mwana. Thupi langa linkachita zofuna zake. Kumwezi ndinkapita mwa apo ndi apo, nthawi zina miyezi itatu osaona kanthu, koma kunenepa ndiye sikunkachedwa. Kenaka pachibwano panayamba kumera titsitsi tolimba, ndipo ndinkatizula m'bafa nditakiya chitseko. Apongozi anga kumudzi anali atayamba kutumiza mawu oti mwana wawo aganize bwino. Munthu wamkulu safunsa tanthauzo la mawu otere. Ndinkaopa, anzanga. Ndinkaopa kuti tsiku lina a Mbewe adzandiyang'anitsitsa n'kuona kuti akumudzi akunena zoona.

Ndinapita ndekha kwa dokotala wina ku Old Town (ku ofesi ndinanama kuti dzino). Atandipima anati, "Mayi, m'thupi muli timadzi totchedwa mahomoni. Mkazi aliyense ali ndi achikazi, komanso achimuna pang'ono. Inuyo achimunawo apitirira muyeso. Si zoti n'kufa nazo ayi. Chepetsani shuga, muziyenda, muzinyamula zolemererako kuti thupi ligwire ntchito. Mpando wa ku ofesiwo ukukupwetekani."

Madzulo ake ndinakamuuza mnzanga NyaMhango wa ku Rumphi, amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Anagwira pakamwa.

"Yayi, amama, musayerekeze! Achimuna achuluka kale, inu muwonjezereponso kunyamula zitsulo? Mudzadzuka ndi mapewa ngati anyamata omanga maofesi a boma ku Kapitolo aja. Nanga delesi mudzalowamo bwanji?"

Zitsulo ankanenazo zinalipodi pakhomo pathu. Inali paipi yaitali, uku chitini cha penti chodzaza simenti, ukunso china. A Mbewe anazipanga okha ku Zomba ndipo anakakamira kuti zikwere nawo lole, ine ndikulalata. M'mawa uliwonse ankazinyamula kuseri kwa nyumba akubuula, akamaliza n'kuzipukuta fumbi.

Sabata yathunthu mutu unaima. Dokotala akuti nyamulani, mnzanga akuti musayerekeze. Mwana ndinkamufuna ndi mtima wonse, koma ndevu pamodzi ndi mapewa, aa, pamenepo ndiye ndikanawapatsa apongozi mpeni ndi manja anga. Ndinafika poyeza mkono ndi tepi yosokera ndisananyamule ngakhale kamodzi.

Nzeru inandibwerera Lachinayi ndili pa makina otayipira. Amayi anga, azakhali anga, akazi onse a kwathu anakula akusenza ndowa ndi mitolo ya nkhuni, koma palibe anasanduka mwamuna. Basi ndinaona poyera kuti vuto si kulemera, vuto n'kunyamulira m'manja. Ukasenza pamutu, thupi ligwira ntchito, mikono osadziwa kanthu. Ndinadzitama kwambiri moti kalata ya abwana ndinailakwitsa kawiri.

Loweruka masana a Mbewe anakwera njinga kupita kumsika ku Old Town. Ine ndinamanga chitenje pamwamba pa delesi, n'kupinda china kukhala nkhata. Kuseri kunali njerwa zimene omanga anasiya. Ndinazisanja milu iwiri yofika m'chiuno, ndinakweza chitini chimodzi apa, china apo, ndinanjuta pakati, nkhata pamutu, n'kudzuka.

Zinatheka! Ndinayenda mpaka pa waya woyanikira zovala n'kubwerera, ndikumva kuti ndine mkazi wochenjera kuposa onse mu Lilongwe. Potembenuka, chitini cha kumanja chinagunda mulu wa njerwa, gumu! Podzidzimuka ndinatembenukira kwina, cha kumanzere chinamaliza mulu winawo.

Apa m'pamene ndinakumbukira chimene mwana aliyense wa kumudzi amadziwa. Katundu wolemera sutula wekha. Kuchitsime amakutwika anzako, pakhomo amakutula ena. Nanga ku Area 15 kwa masiku amenewo anditule ndani? Abuluzi?

Mukuti bwanji osangoponya pansi. Ndinaganiza zimenezo. Koma simenti ikanasweka, a Mbewe akanafunsa, ndipo funso likanakoka linzake mpaka kukafika pachibwano. Ndinayesa kugwada, paipi inayamba kupendekeka ndipo khosi linalira. Ndinati ndilowe m'nyumba ndikatsamiritse pa tebulo. Ndinalowa cham'mbali pa khomo la kukhitchini, chitini chakutsogolo chinasesa makapu awiri a pa ukwati wathu, ndipo ndinatuluka mmene ndinalowera.

Panatsala NyaMhango. Ndinadutsa pa geti cham'mbali ngati nkhanu, n'kuyamba ulendo pamsewu, manja onse ali pa paipi, thukuta likulowa m'maso. Ndinafika, ndinaodira katatu. Zii. Anali atapita kokaphunzira nyimbo za kwaya ndi banja lonse.

Ndikubwerera, kunatulukira lole yodzaza anyamata omanga, oyera mbuu ndi simenti, akuweruka. Dalaivala anachepetsa liwiro dala. Kunali mluzu, kunali m'manja.

"Mayi mphamvu zimenezo! Lolemba mubwere, tikulembani ntchito!"

"Afolomani, taonani, uyu aposa tonsefe!"

Palibe anaganiza zotsika, nanenso manyazi anandimanga pakamwa. Anandisiyira fumbi. Zimene ndinkaopa zija zinali zanenedwa pamsewu, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo misozi inayamba kutsika ndilibe dzanja loipukutira.

Fumbi litachepa ndinaona njinga ikutulukira pakona, kabichi atamangidwa pakaliyala. A Mbewe anaima patsogolo panga. Anandiyang'ana, anayang'ana zitini zawo. Sanaseke (Mulungu awadalitse, ndinaona masaya akunjenjemera). Anagoneka njinga pansi n'kugwira paipi.

"Siyani, amayi. Ndagwira."

"Zisweka."

"Zisweke. Siyani."

Ndinasiya. Anadzandira nazo pang'ono n'kuzitsitsa, ine ndinangoti khwithi pansi m'mphepete mwa msewu. Iwo anakhala pambali panga, buluku lawo loyera m'fumbimo.

"Mumapita nazo kuti? Kuchigayo?"

Ndinalira ngati mwana, ndipo zonse zinatuluka: dzino labodza, dokotala, mahomoni, titsitsi, tepi yosokera, mawu a kumudzi. Ndinamaliza ndi kunena kuti, "Ndikuopa kusanduka mwamuna, inu n'kundisiya."

Iwo anapinda mkono wa malaya mpaka paphewa n'kukunga mkono wawo ndi mphamvu zawo zonse. Unali ngati phesi la chimanga.

"Amayi, zaka zinayi ndikunyamula zimenezi m'mawa uliwonse, ndipotu ine mahomoni achimunawo ndi anga enieni. Taonani zimene ndapindula. Inu mukuti mapewa akupezani Loweruka limodzi?"

Ndinaseka mamina ali mbwee.

"Titsitsito ndinationa tili ku Zomba," anapitiriza motsitsa mawu. "Ndinkangoti musachite manyazi, mudzanena nokha. Akumudzi ndinawayankha kalekale kuti mkazi ndili naye. Ndipo mapewawo akabwera abwere, tidzangogula nsalu yokulirapo. Chimene chandiwawa ine n'choti munapita nokha kwa dokotala, ngati munthu wopanda wake."

Tinabwerera kunyumba zitini zili pa njinga, ine ndikugwira kabichi, khosi litaumira mbali imodzi. Linakhala choncho masiku anayi, ndipo ku ofesi ndinkatayipa ndikuyang'ana pawindo. NyaMhango atamva anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anabwera ndi madzi otentha kudzandithowa.

Sabata yotsatira a Mbewe anandipangira zanga, za tizitini ta mkaka, ndipo kwa dokotala tinkapita awiri. M'mawa tinkanyamulira limodzi kuseri kuja, m'manja, ngati anthu. Thupi linapepuka, msana unasiya kuwawa, kumwezi kunayamba kulongosokako. Mapewa aja ndinawadikira mpaka ndinatopa, sanabwere. Mwana nayenso sanabwere. A Mbewe sanachoke, kufikira tsiku limene tinakawaperekeza kumanda.

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira pamenepo ndinasiya kubisa zondivuta. Lingakhale bodza. Chaka chatha bondo linatupa, ndinakhala nalo chete miyezi itatu, ndikuuza aliyense kuti ndili bwino. Khalidwe silinasinthe. Kungoti masiku ano ndikasenza zanga n'kuima nazo pamsewu, ndimayang'anabe pakona, koma njinga siitulukira.